Juzi ya Manja Aatali pa Dziwe la Chinangwa

Kuno ku Kande, m'mbali mwa nyanja, mayi aliyense amene ali ndi mwana wamkazi amaopa kumchenga. Madzi sitiwaopa, pakuti ana athu amadziwa kusambira asanadziwe kuwerenga. Timaopa gombe la kumalo ogona alendo, kumene anyamata ogulitsa ziboliboli ndi mikanda amayendayenda ndi azungu. Mtsikana akazolowera kumeneko sukulu imatha, ndipo nthawi zina amabwerako ndi pathupi popanda mwini wake. Choncho mwana amene amakhala m'nyumba timamuyesa wopulumuka. Ine kwathu ndi ku Dowa, ndinabwera kuno ndi ukwati, ndipo mantha amenewa ndinawaphunzira pamodzi ndi kusenda chinangwa.

Mtsikana amene ndikufuna kunena ndi mwana wa alamu anga, akulu awo a amuna anga. Bambo akewo anamwalira iye ali ku pulayimale, ndipo amayi ake anapita ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba, monga amachitira ambiri kuno. Mwanayo anatsala m'manja mwathu. Ine ankanditcha "ama", amuna anga "ada", monga amaitanira makolo m'Chitonga, ndipo sitinamusiyanitse ndi ana athu obereka. Anali wolongolola, woimba kwaya, woti akaseka nkhuku zinkabalalika pabwalo.

Atalemba mayeso a Folomu 4, amayi ake anamutumizira foni yaikulu kudzera mwa anthu a galimoto amene amabweretsa katundu kuchokera ku Joni. Zotsatira zitatuluka, dzina lake panalibe. Analira tsiku limenelo, m'mawa mwake n'kutonthola, ndipo ife tinati mwana wapirira.

Kuyambira pamenepo anasiya kuyenda. Kwaya anaileka, nati pakhosi pakumuwawa. Anzake akabwera kudzamutenga kuti akachape, ankawayankhira pawindo. Ankatuluka pokhapokha akamapita pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira bwino, kapena akamakaika foni pa sola. Tsiku la mitambo, batire likatha, ankazungulira m'nyumba ngati nkhuku yosowa poikira. Ukamufunsa kanthu ankayankha mokalipa, kenako n'kupepesa. M'mawa ankadzuka maso ali psuu, chakudya n'kumangochitolatola. Ndiponso anayamba kuvala juzi yakuda ya manja aatali, osaivula ngakhale mu Okutobala, mwezi umene mchenga umawotcha mapazi ndipo agalu amabisala pansi pa mabwato.

Tsiku lina pa msonkhano wa amayi a mpingo tinkaphunzira za kulera ana. Amene ankaphunzitsa anali akazi a mkulu wina wa mpingo, mayi wolemekezeka ndi woopa Mulungu. Pakati pa phunziro anandiloza ine.

"Taonani mwana wa kwa amayi awa," anatero. "Munamuonapo kumchenga? Munamuonapo pamsewu? Anzake akuvala zoonetsa mchombo, iye wadziphimba mpaka m'manja. Ameneyo ndiye mwana wa m'nyumba ya Chikhristu."

Amayi anawomba m'manja. Mnansi wanga, mkazi wa msodzi, mayi wapakamwa amene ndimakhala naye benchi imodzi, anandigunda ndi chigongono.

"Ama, mankhwala amene mwamudyetsa mwanayo mutigawireko. Wanga ndimamuona mbale zikalira basi."

Tinaseka tonse. Amuna anga nawonso, ndikawadandaulira kuti mwana sakudya bwino, ankangoti, "Bola ali m'nyumba."

Koma mtima wanga sunakhazikike. Ndalera ana, ndipo ndimadziwa kusiyana kwa mwana wofatsa ndi mwana amene wazima. Popemphera, fanizo limodzi la Ambuye linkandibwerera kawirikawiri, lija la mayi amene anataya kanthu kake ka mtengo wapatali. Ndinali ndisanaganizirepo kuti kanthuko sikanatayikire kumsika kapena panjira. Kanatayikira m'nyumba momwemo, zitseko zili zotseka, ndipo mwini wake anachita kuyatsa nyali ndi kusesa kuti akapeze. Ndinapempha Mulungu kuti andiyatsire nyali, pakuti ndikamufunsa mwanayo ankangoti, "Ndili bwino, ama," maso ali pafoni.

Nyaliyo inayaka pa ntchito ya chinangwa. Kuno ufa wathu ndi wa kondowole. Chinangwa tikachisenda timachithira m'matumba n'kuchiviika m'madziwe a m'mbali mwa mtsinje, kuti chifewe ndi kutha ululu. Chikafewa timakachivuula, kuchitsuka, ndi kukachiyanika pathanthwe. Nthawi imeneyo ndinali nditaviika chambiri, ndipo msana unkandivuta. Ndinamuuza mtsikanayo kuti tsiku limenelo palibe zokana, tipitire limodzi. Ananditsata mwakachetechete, juzi yake ili m'thupi, dzuwa litayamba kale kuluma.

Padziwe tinapeza mnansi wanga uja ndi amayi ena, nawonso akuvuula chawo.

"Mwayuka uli, alendo!" anafuula mnansi wanga atamuona, akumulonjera m'Chitonga. "Anthuni, gwadani, kwabwera a ku Joni. Lero dzuwa lakuonani? Nanga foni mwasiyira yani, isalire njala kunyumba?"

"Ili m'thumba, ama," anayankha mtsikanayo, akumwetulira pang'ono.

"Ndinadziwa ine! Ameneyu tikadzamukwatitsa, malowolo idzalandira ndi foniyo. Ndi imene yamulera."

Padziwe palibe amene amalowa ndi manja a malaya. Mayi aliyense amakwinya chitenje, n'kupinda manja mpaka m'mapewa, chifukwa matumba amakhala pansi, otsenderezedwa ndi miyala, ndipo madzi ake ndi onunkha. Koma mwana wathu anagwada n'kumiza mikono yake juzi ili chivalire.

"Iwe, ukuvuula chinangwa kapena ukuchapa juzi?" anatero mnansi wanga. "Pinda manjawo!"

"Musiyeni," anatero mayi wina. "Ndi woyera ameneyo, safuna ngakhale achule aone chigongono chake."

Onse anaseka, koma ine ndinkayang'ana nkhope yake. Madzi a chinangwa choviika ndi owawasa, ndipo amene ali ndi kabala, ngakhale ka minga, amadziwa mmene amalumira. Mwanayo analuma mlomo, misozi ili lengelenge, koma sanatulutse mikono mpaka thumba litatuluka. Titadzaza beseni, ndinaima patsogolo pake kuti ndimusenzetse. Atakweza mikono kuti agwire beseniyo pamutu, manja a juzi, olemera ndi madzi, anatsetserekera m'zigongono. Ndinaona mizere ya zipsera, zina zakale zouma, zina zatsopano. Sizinali za minga, sizinali za mphaka. Maso athu anakumana, ndipo anadziwa kuti ndaona.

Amayi ena anali atawerama, sanaone kanthu. Ndinamukokera manja a juziyo m'malo mwake ngati ndikumukonza chabe, ndipo ndinati, "Amayi, ife titsogole, tikayambe kuyanika dzuwa lisanakwere."

Thanthwe limene timayanikapo lili patali pang'ono ndi njira. Titatula mabeseni ndinamukhazika pamthunzi, n'kutenga madzi akumwa amene ndinanyamula m'botolo, ndi kumutsuka mikono pang'onopang'ono. Sanakane. Anangoti, "Ama, musawauze ada."

"Za ada tikamba. Tandiuza, zinayamba bwanji?"

Anayamba movutikira, kenako mawu anatuluka ngati madzi a mumjigo. Anati ana a kalasi yake anali ndi gulu lawo pafoni. Zotsatira zitatuluka, wina anatenga chithunzi chake n'kulembapo mawu achipongwe, ndipo chinayenda mpaka kwa ana a sukulu zina. Iye ankabwererako kukaona amene aseka ndi zimene awonjezera.

"Ndinkadziwa kuti zindipweteka, ama, koma chala chinkapita chokha. Ndikaizimitsa, mutu umayamba kulankhula. Ndikaiyatsa, umakhala chete pang'ono."

Pofufuza pa intaneti ngati alipo ena omva ngati iye, anagwera m'gulu lina la achinyamata a m'mayiko akutali, olemberana m'Chingerezi. Kumeneko, anati, palibe amene ankamuseka. Ankauzana zowawa zawo, ena ankaonetsana mabala awo, ndipo iye anaphunzira komweko kudzivulaza kuti ululu wa mumtima uchepe kwa kanthawi.

"Ndiye ndi anzako amenewo?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Ndikalemba kuti lero ndadzuka bwino, palibe woyankha. Ndikalemba kuti ndatopa ndi moyo, onse amabwera."

Mawu amenewo sindidzawaiwala. Ndinaona kuti mwana wathu ankakhala pamalo pamene munthu amalandiridwa pokhapokha akubuula, ndipo kuti akhalebe wolandiridwa anayenera kumabuula mowonjezera tsiku ndi tsiku.

Kwathu ku Dowa ngakhale kuno, timaopa kutchula chinthu choopsa ndi dzina lake, poganiza kuti kuchitchula n'kuchiitana. Koma Mulungu wathu ndi wofunsa. M'munda muja wa pachiyambi, munthu atabisala m'mitengo, Iye anamuitana ndi funso, ngakhale ankadziwa pamene ali, kuti munthuyo atuluke ndi pakamwa pake. Ndinamugwira dzanja mwanayo.

"Mwana wanga, kodi waganizapo zodzipha?"

Anayang'ana nyerere pathanthwe.

"Eya."

"Kale, kapena tsopano lino?"

"Tsopano. A m'gulu muja ndinawatsanzika kale. Ena anati ndisatero. Ena anati akundimvetsa."

Mumtima mwanga munali bata limene silinali langa. Ndinakumbukira wandende uja wa m'Malemba amene anafuula pakati pa mdima kuletsa mlonda kudzipweteka, pomuuza kuti palibe amene wathawa. Sanayambe ndi ulaliki. Anayamba ndi kumudziwitsa kuti sali yekha.

"Tamvera," ndinatero. "Amene akuti akukumvetsawo sanakusambitsepo, sanakuberekepo kumsana. Ine ndikukukaniza. Sindikusiya wekha lero, mawa, ngakhale mkuja. Ndiponso ada ako ndiwauza, chifukwa chinsinsi chimene chingakuphe ine sindisunga. Koma udzaima kumbuyo kwanga, wolankhula ndine."

Chinangwa tinachisiya pathanthwe chosayanika. Amuna anga tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Ndinawauza zonse mwachidule, mwanayo ali kumbuyo kwanga. Anadzambatuka ngati alumidwa ndi nkhanira.

"Bweretsa foniyo! Ndikaiponya pakuya, ikalankhule ndi nsomba. Ichi ndi chiwanda, ngati cha munthu uja wa m'Malemba amene ankakhala kumanda. Mayi, itanani akulu a mpingo lero lomwe."

Sanali okwiya ndi mwanayo. Anali ndi mantha, ndipo mwamuna akachita mantha amafuna kanthu koti aphwanye.

"Bambo, khalani pansi," ndinatero. "Kupemphera tipemphera, ine ndayamba kale. Koma mukaitaya foniyo lero, mwamutsekera khomo lokhalo limene amamvera amayi ake, ndipo aphunzira kuti kunena zoona kumalangitsa. Nkhaniyi ikafika kwa akulu lero, mawa ili pamjigo, ndipo mwana amene wathawa kusekedwa pafoni adzasekedwa pamudzi. Kodi mneneri uja atakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kufa, mngelo anamudzudzula? Anamupatsa chakudya ndi madzi, namusiya agone, nabweranso kachiwiri. Ife tichite chimodzimodzi. Mwanayu ndikupita naye kuchipatala."

Amuna anga anakhala pansi pa ukonde womwewo, nagwira kumutu. Patapita kanthawi anati, "Mwana wa akulu anga. Ndikanadzawayankha chiyani kumwambako?" Kenako anadzuka, napukuta m'maso ndi malaya. "Tiyeni, ndikuperekezeni kumsewu."

Tinakwera minibasi ya ku Chintheche masana omwewo. Namwino amene tinamupeza anali wa ku Ntcheu, mayi wachete, wosadzidzimuka. Anamumanga mabala, nalankhula naye pawiri nthawi yaitali, kenako anandiitana.

"Amayi, munachita bwino kumufunsa mosabisa," anatero. "Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, kumangomutsegulira pakamwa. Masiku ano asakhale yekha. Chilichonse chimene angadzivulaze nacho muchichotse pafupi. Foni musamulande mwaukali, koma mugwirizane naye nthawi yoigwira ndi yoisiya, makamaka kuti azigona. Ndipo mubwere naye tsiku limene amabwera adokotala oona za maganizo."

"Nanga kupemphera?" ndinafunsa.

"Pempherani ndithu, nanenso ndimapemphera. Koma mubwerenso kuno."

Sindinaone kutsutsana kulikonse pamenepo. Amene anapanga thupi ndi mtima ndi yemweyo amene anapatsa anthu nzeru zochizira, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikumuyamika.

Sizinathe msanga. Mwanayo anasamukira kuchipinda kwanga, amuna anga n'kukagona kwa anyamata, akudandaula kuti akalamba n'kubwereranso kumphala. Tinagwirizana kuti tikatha kudya chamadzulo, mafoni onse a m'nyumba azigona m'dengu pamwamba pa kabati, yanga ndi ya bambo yomwe, kuti lamulo lisakhale la munthu mmodzi. Bambo ankang'ung'udza kuti zigoli za mpira azimva mochedwa, koma ankayamba ndi iwo kuponya yawo. Masiku oyamba mwanayo ankavutika koopsa. Manja ankamuyabwa, ankalira popanda chifukwa chooneka, ndipo nthawi zina ankandiyang'ana ngati mdani. M'mawa ndinkapita naye kumunda, kumjigo, kulikonse kumene ndinkapita. Kuchipatala tinkabwerera monga anatiuzira.

Tsiku lina anabwera kukhitchini n'kundionetsa bala latsopano. Mtima unandisweka, komabe ndinaona chinthu chimene sichinalipo kale: anabwera yekha, masana, osafunsidwa. Ndinamutsuka, tinapemphera, ndipo tinakamuuza namwino. Bango lophwanyika Ambuye salithyola, ndiye ine ndine yani kuti ndilithyole?

Amayi ake tinawaimbira tili pachulu paja. Mpaka nthawi imeneyo ankangolemberana timawu tochepa ndi kutumizirana zithunzi. Tsiku limenelo anamvana mawu, ndipo mwanayo anafotokoza yekha. Mayiyo analira kutaliko, mpaka ine ndinkamumva ndili chapatali.

"Ndinkakutumizira bandulo kuti usasungulumwe," anatero. "Ndimati ndikakuona uli pa intaneti nthawi zonse, ndiye kuti uli ndi anzako."

Kuyambira pamenepo amaimbirana Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ndipo foni yomweyo imene amuna anga ankafuna kuiponya m'madzi ndi imene imabweretsa mawu a mayi kwa mwana wake.

M'gulu lija sanatuluke tsiku limodzi, ndipo ine sindinamukakamize. Chimene chinkamugwira chinali chifundo. "Muli kamtsikana kena kakang'ono kuposa ine," anandiuza. "Ndikachoka, kalankhula ndi yani?" Ndinamuuza kuti womira sangavuule womira mnzake, ayambe waponda pansi. Pamapeto pake anakalembera kamtsikanako kuti kauze munthu wamkulu wa kwawo, monga iye anachitira, kenako anatuluka, ine nditaima pambali pake pachulu. Sitidziwa chimene chinakachitikira. Dzina lake lenileni sitilidziwa, dziko lakenso sitilidziwa bwino, koma timakatchula m'mapemphero a m'banja mwathu mpaka lero, pakuti Mulungu amakadziwa.

Mvula itagwa n'kutha, mwana wathu anabwerera ku kwaya, nayambanso sukulu ya masana kuti adzalembenso mayeso. Anzake akamuitana ankapita. Tsiku lina akazi a mkulu wa mpingo aja ananditengera pambali titatuluka m'tchalitchi.

"Amayi, ndikuuzeni mwachikondi. Mwana uja wayamba kuyenda. Anamuona kunyanja ndi anzake akuchapa, akuseka mokweza mpaka asodzi kutembenuka. Samalani, angakuwonongekereni. Anali chitsanzo mwana ameneyo."

"Yewu, ama," ndinayankha, ndikuwathokoza m'Chitonga. "Kusekako ndi kumene ndinkapempha kwa Mulungu."

Anandiyang'ana modabwa, koma sindinawonjezere, chifukwa nkhaniyo mwini wake ndi mwanayo. Ngakhale pano ndikuilemba atandilola iye.

Okutobala wotsatira tinapitanso kukavuula chinangwa. Mwanayo anavala bulauzi ya manja aatali. Titafika padziwe anaima pang'ono, napuma mozama, kenako anapinda manja mpaka m'mapewa monga amachitira mayi aliyense. Zipsera zinali zitapola, koma zinkaoneka. Mnansi wanga anaziona. Kenako anakoka thumba m'madzi n'kulikankhira kwa mtsikanayo.

"Iwe wa ku Joni, gwira apa. Usangoima ngati mlendo."

Pobwerera, mtsikanayo ali patsogolo ndi beseni lake, mnansi wanga anatsalira m'mbuyo dala mpaka tinayenda awiri.

"Ama," anatero motsitsa mawu, "mng'ono wanga wa ku Tukombo ali ndi mwana wamkazi. Nayenso satuluka m'nyumba, ndipo onse akumutama. Inu munafunsa bwanji?"

Ndinamuuza mawu omwewo amene ndinanena pathanthwe, osachotsapo ngakhale limodzi, ndipo ndinamuchenjeza kuti akayankhidwa asakuwe, asathamangire foni, ayambe wagwira dzanja. Anawabwereza chamumtima tikuyenda, ngati mwana woloweza vesi. M'mawa mwake ndinamuona ataima pamsewu, atavala chitenje chake cha paulendo, akuimitsa minibasi ya ku Tukombo.